Kudziwa Kuti Thobwa Lapsa, Lisanasanduke Mowa

Nyengo yokonza minda yafika, ndipo m'makomo ambiri mitsuko ya thobwa yayamba kutsukidwa. Thobwa limapatsa mphamvu anthu a padima, timalandira nalo alendo, ndipo ena mwa inu amene munatsiriza maphunziro pano mumaligulitsa pamsika. Koma thobwa ndi mowa wamasese ndi ana a mimba imodzi: ufa ndi womwewo, chimera ndi chomwecho, mtsuko ndi womwewo. Chimene chimazisiyanitsa kwambiri ndi nthawi. Popeza ife sitimwa choledzeretsa kapena kupatsa mnzathu, tiyenera kudziwa pamene thobwa lapsa ndi pamene ladutsa malire.

Zimene zimachitika mumtsuko

Mumtsuko wa thobwa muli antchito atatu, ndipo amagwira ntchito motsatizana.

Woyamba ndi chimera. Mawere, mapira kapena chimanga zikamera, zimakhala ndi mphamvu yosandutsa ufa kukhala shuga. N'chifukwa chake phala lolimba limasungunuka ndi kutsekemera tikathiramo chimera. Mphamvu imeneyi imagwira bwino phala likakhala lotentha madigiri 60 mpaka 70, koma imafa m'phala longophulidwa kumene pamoto.

Wachiwiri ndi mabakiteriya, a mtundu womwewo umene umasasitsa mkaka. Iwo amadya gawo la shuga uja n'kulipatsa thobwa kuwawasa pang'ono kumene timakonda. Louis Pasteur wa ku France anaonetsa mu 1857 kuti kusasa kotere kumachitika ndi tizamoyo tosaoneka ndi maso.

Wachitatu ndi yisiti, yemwe amapezeka pa mbewu ndi m'ming'alu ya mtsuko. Iye amadya shuga wotsala n'kutulutsa zinthu ziwiri: mpweya ndi mowa. Wofulula mowa amadikira kuti thovu likwere, liphwe, kutsekemera kuthe, ndipo pamenepo amati mowa wapsa. Ife timafuna ntchito ya antchito awiri oyambawo, ndipo timaimitsa wachitatu asanakhazikike.

Zizindikiro zinayi

Lilime: thobwa lakupsa ndi lotsekemera, lowawasa pang'ono chabe. Kutsekemera kukayamba kuchepa ndipo lilime likumva kuluma, shuga akudyedwa ndi yisiti.

Maso: pamwamba pa thobwa labwino pamakhala bata. Tithovu tikamakwera tokha popanda wovundula, ndipo masese akumayenda m'mwamba ndi pansi, mowa wayamba kupangika.

Khutu: tcherani khutu pakamwa pa mtsuko m'mawa kuli zii. Mukamva kusosoma, ndi mpweya wa yisiti umenewo.

Mphuno: fungo la phala ndi chimera likaloŵedwa m'malo ndi fungo lakuthwa lolasa m'mphuno, thobwalo lapitirira.

Amene akukayikabe athire thobwa m'botolo lapulasitiki mpaka theka, alifinye pang'ono, atseke zolimba, n'kuliika pamthunzi kwa maola awiri. Botolo likafufuma n'kulimba, m'katimo mukupangika mpweya wambiri, ndipo thobwalo si loyeneranso kupatsa anthu. Chenjezo lina ndi ili: mtsuko umene unali kuchita thovu dzulo, lero n'kukhala bata, sunachire ayi. Yisiti wangotsiriza shuga yense, ndipo zimene zilimo ndi mowa wakupsa.

Tisadalire kuwerenga masiku

Ambiri amati thobwa limakhala masiku atatu. Koma tizamoyo timeneti timafulumira kukatentha ndipo timachedwa kukazizira. Thobwa limene lingasungike bwino m'mwezi wa Juni ku Chipata lingathe kusanduka m'tsiku limodzi m'mwezi wa Okutobala kuchigwa cha Luangwa, kumene kutentha kumafika madigiri 40. Tinaziona tokha pamunda pano chaka china nthawi yotentha. Thobwa lophikidwa Lachitatu tinalisunga m'chigubu chotseka kuti tidzamwe Sabata masana. Potsegula, chitsekero chinauluka, thovu n'kusefukira, ndipo malita 20 onse tinakataya pa mulu wa manyowa. Kuyambira pamenepo, thobwa la pa Sabata timalitsiriza Lachisanu.

Zoyenera kuchita

Thobwa likatsekemera mokwanira, liwiritseninso. Moto umapha yisiti ndi mabakiteriya, motero limakhalitsa. Koma kuwiritsa kumathandiza thobwa lisanasanduke. Likasanduka kale, moto suchotsa mowa wonse.

Tsukani mtsuko ndi madzi owira musanathiremo thobwa latsopano, ndipo musasakanize ndi la dzulo. Zotsalira za thobwa lakale zimakhala ndi yisiti wochuluka, ndipo zimafulumizitsa kusanduka.

Musathire shuga m'thobwa lonse nthawi imodzi, makamaka inu ogulitsa. Shuga amabisa chizindikiro cha palilime, komanso ndi chakudya cha yisiti. Thirani m'chikho pa nthawi yakumwa.

Sungani mtsuko pamalo ozizira, mutaukuta ndi thumba lonyowa, ndipo phikani lokwanira masiku awiri okha nthawi yotentha.

Kutaya thobwa kumawawa, pakuti ufa, chimera ndi nkhuni zonse ndi thukuta lathu. Komabe amene amamwa thobwa lathu ndi ana, amayi oyembekezera, ndiponso abale amene anasiya mowa movutikira ndipo amalandira chikho m'manja mwathu mosakayika. Sabata yamawa gulu lililonse lidzaphika mitsuko iwiri, wina kuika padzuwa, wina pamthunzi, ndi kulemba zizindikiro zinayi zija m'mawa ndi madzulo kwa masiku anayi.