Wojambula wa m'Misewu: Phunziro la Ernest Cole

Tonsefe timamdziwa wojambula zithunzi wa pa msika, kapena uja amafika pa sukulu tsiku lotsekera. Asanakutoleni chithunzi mumayamba mwapesa tsitsi ndi kukonza kolala, nkuima chiriri monga msilikari, ndipo akati museke, inu mumaseka ngakhale m'mimba muli njala. Chithunzi chotere nchabwino kutumiza kwa makolo, koma chimangoonetsa munthu monga iye afuna kuoneka. Alipo wojambula wa mtundu wina amene sauza munthu poima. Iye amayenda m'misewu ya m'tauni, pa siteshoni, pa msika ndi pa mizere ya ku chipatala, natola zithunzi za anthu ali pa zochita zao. Nchito yache ndiyo tifuna kuiphunzira lero. Kuti phunziro lathu lisakhale la mau okha, titenga munthu mmodzi, Ernest Cole wa ku South Africa, tione m'mene anaigwirira nchitoyi ndi chimene anataya chifukwa cha iyo.

Ernest Cole anali yani?

Iye anabadwa m'chaka cha 1940 ku Eersterust, pafupi ndi mzinda wa Pretoria, ndipo dzina la makolo ache linali Kole. M'chaka cha 1953 boma la Azungu la dzikolo linaika lamulo la Bantu Education, lakuti ana a anthu akuda aphunzire zokhazo zowayenereza kutumikira. Mnyamatayu sanafune maphunziro otere, ndipo anasiya sukulu asanatsirize. M'chaka cha 1958, ali ndi zaka 18, analowa nchito ku magazini ya Drum mu Johannesburg, nakhala wothandiza Jürgen Schadeberg, wojambula wochokera ku Germany. Pa nthawi yomweyo analikuphunzira kujambula mwa makalata ndi sukulu ya New York Institute of Photography. Taganizani, msinkhu wache unali wonga wa ambiri a ife a Fomu 4.

Tsono anaona buku la zithunzi lochedwa The People of Moscow, la Henri Cartier-Bresson wa ku France, loonetsa anthu wamba a mzinda wa Moscow pa moyo wao wa masiku onse. Bukuli linamtsegula maso. Anatsimikiza mtima kupanga buku lache loonetsa m'mene anthu akuda analikukhalira pansi pa tsankho la apartheid, ndipo anaigwira nchitoyo zaka zingapo kufikira 1966. Pa machitidwe a anthu awiriwa tingaphunzire zinthu zinai.

Choyamba: kuona

Anthu ambiri amayang'ana koma saona, pakuti chinthu chimene munthu achipeza masiku onse maso ache amachizolowera. M'mizinda ya South Africa munali zikwangwani pa mabenchi, pa zitseko ndi pa masiteshoni zonena kuti pano mpa Azungu okha. Anthu anazipitirira m'mawa ndi madzulo. Cole anaima naziyang'ana monga mlendo, nazijambula pamodzi ndi anthu okhala pansi pache. Chimodzi cha zithunzi zache zodziwika chionetsa kamnyamata katanjuta pansi m'kalasi modzaza ana, thukuta liri kamukamu kutsika m'masaya, maso ali pa mphunzitsi. Kalasi lotere aliyense analiona, koma Cole anasankha nkhope imodzi, ndipo nkhope imeneyo inanena zambiri za Bantu Education koposa mau a nyuzipepala. Kamera siisankha kanthu. Wosankha ndi mwini diso.

Chachiwiri: kudekha

Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Mu msewu zinthu sizidikira munthu. Kuti munthu woyenda aoneke bwino osachita chimbuuzi, diso la kamera liyenera kutseguka ndi kutsekanso m'kanthawi konga gawo limodzi la magawo 250 a sekondi. Wojambula akafulumira pang'ono kapena kuchedwa pang'ono, chithunzi chapita ndipo sichibweranso. Cartier-Bresson anaonetsa ichi m'chaka cha 1932 ku Paris, kuseri kwa siteshoni ya Saint-Lazare. Anasuzumira pa mpata wa mpanda naona munthu alikulumpha chithaphwi, ndipo anamtola ali m'malere, chidendene chisanakhudze madzi, chithunzithunzi chache chikuoneka m'madzimo. Buku lache la 1952 linachedwa m'Chingerezi The Decisive Moment, kunena kamphindi kamodzi kaja pamene zonse zikhala m'malo mwache.

Kumbukiraninso kuti masiku amenewo filimu imodzi ya kamera yaing'ono inkatenga zithunzi 36 basi, ndipo wojambula sankadziwa chimene wagwira kufikira atakatsuka filimuyo m'chipinda chamdima. Chifukwa cha ichi anaphunzira kusankha malo abwino, kuona kumene dzuwa lichokera, ndi kudikira kuti munthu woyenera alowe yekha m'chithunzimo.

Chachitatu: kusaoneka

Munthu akadziwa kuti alikujambulidwa amasintha nkhope. Motero wojambula wa m'misewu amavala monga anzache, sachita phokoso, ndipo amanyamula kamera yaing'ono. Cartier-Bresson ankamata tepi yakuda pa zitsulo zonyezimira za kamera yache ya Leica, ndipo sankafuna kuwalitsa getsi pa nkhope za anthu. Kwa iye kubisala kunali luso chabe, koma kwa Cole kunali kupewa ndende. Kuti alowe m'makomboni a migodi ya golide, ankabisa kamera m'thumba la pepala lonyamulira chakudya. Mnzache wa ku Drum, Peter Magubane, ankabisa yache m'kati mwa buledi wofukula. Ndiponso popeza munthu wakuda sankaloledwa kuyenda m'tauni wopanda pasi, Cole anakalembetsa ku boma monga mkaladi, nasintha dzina lache kuchoka pa Kole kukhala Cole, kuti ayende kumene nchito yache imfuna.

Chachinai: kudziwa anthu

Ichi ndicho chachikulu. Cole sanafike kwa anthu awo monga mlendo wodzaona zodabwitsa. Anali mwana wa komweko. Sitima zodzaza zimene anazijambula, anthu atakangamira pa zitseko ndi pakati pa mabogi, ndizo ankakwera mwini wache. Anadziwa nthawi imene apolisi amagwira anthu a mapasi, ndi ngodya imene amaimapo. Chifukwa chodziwa moyo umenewo ankatha kuona chinthu chisanachitike, nakhala ataima kale pamalo pache. Zithunzi zache za m'migodi zitikhudzanso ife kuno kwathu, pakuti m'zaka zomwezo amuna ambiri a ku Malawi anapita kumeneko, kumene makolo athu amati ku Joni, atalembedwa ndi Wenela. Mizere ndi zipinda zogonamo zimene Cole anajambula ndizo anazipeza agogo a ena a ife.

Chimene anataya

M'chaka cha 1966 apolisi anamgwira, ndipo anaona kuti nthawi yache yatha. Anatuluka m'dzikomo napita ku France ndi ku England, kenaka ku New York, zithunzi zache zitatulutsidwa mobisa. Buku lache, House of Bondage, ndiko kunena nyumba ya ukapolo, linasindikizidwa m'chaka cha 1967, iye ali ndi zaka 27. Anthu a maiko ambiri anaona ndi maso ao zimene boma la South Africa linafuna kubisa. Bomalo linaletsa bukulo, ndipo mwini wache sanapondenso kwao.

Ku America anajambula moyo wa anthu akuda m'mizinda ndi m'midzi ya kumwera, nakhalaponso nthawi ku Sweden. Koma pang'ono ndi pang'ono anasiya kujambula, nasauka, kufikira nthawi zina anasowa pogona. Anamwalira ku New York ndi matenda a khansa mu February 1990, patangopita masiku owerengeka Nelson Mandela atatuluka m'ndende. Anthu anayesa kuti nchito yache yambiri inatayika, koma m'chaka cha 2017 mafilimu ache a zithunzi ngati 60,000 anapezeka osungidwa m'banki ina ku Stockholm, naperekedwa kwa abale ache. Bukulo linasindikizidwanso mu 2022, ndipo mu 2024 Raoul Peck anatulutsa kanema wa moyo wache.

Funso lovuta

Wina adzafunsa: kodi nkoyenera kujambula munthu osayamba wampempha? Funsoli silopepuka ai. Chithunzi china cha Cole chionetsa amuna ofuna nchito ya mu mgodi ataima pa mzere ali maliseche, manja ali m'mwamba, podikira kupimidwa. Pa mwambo wathu kuona mkulu ali chomwecho nchinthu chochititsa manyazi. Komatu amene anawavula si Cole. Anawavula ndi eni ache a nchito. Iye anawajambula chakumbuyo, nkhope zao zitayang'ana ku khoma, kotero kuti palibe angaloze chala nati uyu ndi uje. Manyazi a chithunzicho agwera iwo amene anachitira anthu anzao monga ng'ombe za pa dibi.

Apa ndipo pali muyeso. Wojambula adzifunse ngati chithunzi chache chiseka munthuyo kapena chiima naye. Masiku ano pafupifupi foni iriyonse iri ndi kamera, ndipo timaona anthu athamangira kujambula wovulala pa ngozi, woledzera kapena wodwala misala, nkutumiza pa WhatsApp ndi pa Facebook kuti anzao aseke. Imeneyo si nchito ya Cole. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Munthu akakana kujambulidwa, mlekeni. Akakuonani mutamtola kale, musathawe. Mpatseni moni, mumuonetse chithunzicho ndi kumuuza chifukwa chache. Pa ana aang'ono yambani mwapempha makolo ao.

Zoti tiyese

Popeza gawo lalikulu la nchitoyi lichitika kamera isanatuluke m'thumba, tingathe kuyamba kuiphunzira tiri kuno ku sukulu wopanda chipangizo chiri chonse.

1. Imani malo amodzi kwa mphindi 15, monga pa khomo la chipinda chodyera, ndipo lembani m'kope zinthu zisanu zimene mukadazijambula. Pa chiri chonse nenani kamphindi kamene mukadadina.

2. Yang'anani khoma limodzi m'mawa, masana ndi madzulo, muone m'mene mthunzi usinthira. Mudzapeza kuti dzuwa la pamutu limaika mdima m'maso mwa anthu, koma la m'mawa ndi la madzulo limaonetsa nkhope bwino.

3. Pa holide sankhani chinthu chimodzi cha kwanu chimene anthu anachizolowera kotero kuti salinso kuchiona, kaya mzere wa pa mjigo mbandakucha, kaya akabaza odikira pa depoti. Ngati mungabwereke kamera kapena foni, tolani zithunzi 36 zokha, monga ankachitira akale, ndipo mubwere nazo zitatu zimene mungathe kuzionetsa kwa eni nkhopezo osachita manyazi.

Amene adzayesa zimenezi abweretse zimene wapeza kwa akonzi a magazini ino, kuti tidzazione pamodzi teremu ya mawa.