Zithunzi za Moyo wa Kumudzi za M'ma 1800: Mafunso ndi Mayankho kwa Owerenga a ku Nayuchi

Kodi zithunzi zimenezi zinali zotani?

Zinali zojambula pamanja ndi penti, zoonetsa minda, ng'ombe zili pamsipu, mitsinje ndi alimi ali pantchito. Ku England, John Constable anajambula *The Hay Wain* mu 1821: ngolo yokokedwa ndi akavalo ili m'madzi osaya, kanyumba pambali, mitambo ili yoyoyo kumwamba. Ku France, Jean-François Millet anajambula *The Gleaners* mu 1857, amayi atatu akukunkha tirigu m'munda wa mwini chuma atatha kukolola. Mayi amene anakunkhapo mpunga m'madambo a Chilwa sangafunse chimene msana wowerama uja ukumva.

N'chifukwa chiyani anthu ankazikonda?

Mafakitale ndi njanji zinkakokera anthu m'mizinda yodzaza utsi, ndipo olemera a m'tauni ankafuna kupachika pakhoma mudzi wabata umene anausiya. Koma batalo linali la pachithunzi. Mu 1830 aganyu a m'minda ya kumwera kwa England anaswa makina opunthira tirigu chifukwa cha njala ndi malipiro ochepa. Millet ndiye woyenera ulemu, pakuti sanabise umphawi, ndipo olemera ena a ku Paris anaipidwa nacho chithunzi chake.

Nanga kuno kwathu kunabwera wojambula wotere?

Amene anayandikira kwambiri ndi Thomas Baines, wobadwira ku King's Lynn mu 1820. Mu 1858 analowa nawo ulendo wa David Livingstone wa pa mtsinje wa Zambezi monga wojambula komanso wosunga katundu. Anakhalitsa ku Tete, kumene anajambula tauniyo ili tsidya la mtsinje, mathithi a Cahora Bassa, anthu akupanga shuga kuchokera ku nzimbe, ndi ena akukumba malasha. Maso ake ankaona ntchito za manja a anthu, osati mapiri ndi njovu zokha. Zithunzi zake zambiri zikusungidwa ku Royal Geographical Society ku London.

Kodi anajambulako nyanja ya Chilwa?

Ayi. Livingstone ndi John Kirk atafika pa nyanjayi mu April 1859, Baines anali atatsala ku Tete, malungo akumusautsa. Chaka chomwecho Livingstone anamuchotsa ntchito pomuganizira kuti ankaba katundu wa ulendowo, mlandu umene Baines anaukana mpaka imfa yake ku Durban mu 1875.

Ngakhale Baines akanafika kuno, chithunzi cha bata chikananama. Pofika 1861, pamene amishoni a UMCA ankakhazikika ku Magomero, kumwera kwa Zomba, midzi ya m'derali inkatenthedwa ndi ogwira akapolo, anthu akuyendetsedwa m'magoli.

Wojambula wa lero ataima pa Nayuchi angaike chiyani pa chithunzi chake?

Zoti ajambule n'zambiri: chigwa chotambalala cha pakati pa nyanja za Chilwa ndi Chiuta, mpunga utacha, asodzi akuyanika matemba, njinga zitasenza matumba kulowera kumsika. Asasiyenso chilala, pakuti nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, mabwato n'kutsala pamatope ong'aluka.

Ndipo pali njanji. Njira ya sitima yochokera ku Nkaya, m'boma la Balaka, kudzera ku Liwonde mpaka ku Nayuchi inatsegulidwa mu 1970. Lero imanyamula malasha a ku Moatize, m'chigawo chomwecho cha Tete chimene Baines anajambula anthu akukumba ndi manja, kuwapititsa ku doko la Nacala.