Printa Imodzi, Alembi Asanu

M'ofesi muli alembi asanu, ali yense ndi kompyuta yace, koma printa, ndiyo makina osindikiza makalata, iripo imodzi yokha. Nanga idzatumikira bwanji onsewo?

Poyamba mmisiri alumikiza printa ndi waya ku kabokosi kochedwa rauta, kumene makompyuta onse akomana. Kulumikizana kotere ndiko kuchedwa netiweki. Rauta ipatsa makina ali onse nambala yace, monga 192.168.1.20, ndipo nambalayo ndiyo keyala yace. Pambuyo pace mmisiri aika m'kompyuta iri yonse pulogalamu yochedwa driver, imene imasulira mau kuti printa iwamve, nalembamo keyala ija. Potsiriza asindikiza tsamba limodzi loyesera.

Koma nthawi zina rauta isintha manambala. Zikatero, kompyuta itumiza kalata ku keyala yakale, monga mthenga wofikira pabwinja, ndipo palibe cotuluka. Cifukwa cace mmisiri wanzeru auza rauta kuti isungire printa nambala imodzi yosasintha. Akaiwala ici, tsiku lina alembi adzakhala manja lende, ndipo makalata a anthu adzacedwa.

Mafunso
1. Kodi driver igwira nchito yanji?
2. Cifukwa ninji keyala ya printa siyenera kusintha?