Phunziro la makompyuta: uthenga uzidziwanso njira yobwerera

Mwezi watha ena mwa inu munabwerera kunyumba musanatumize pempho lowonjezera masiku a chitupa cha section 22, chifukwa makompyuta a m'chipinda chathu chophunzirira kuno ku Makause anakana kulowa pa intaneti. Kuyambira mu 2021 a Home Affairs amalandira mapemphowa pa intaneti, ndiye ndikudziwa nkhawa imene munali nayo. Cholakwa chinali changa. Ndikufotokozereni kuti achinyamata amene mumandithandiza musadzachibwereze.

Tili ndi marauta awiri. Yoyamba ili ndi SIM khadi ndipo ndiyo khomo lotulukira ku intaneti. Adiresi yake ndi 192.168.1.1. Yachiwiri ili m'chipinda chophunzirira, ndipo makompyuta a kumeneko ali ndi maadiresi oyamba ndi 192.168.2.

Rauta iliyonse imasunga kaundula wa njira, amene pa makina amalembedwa kuti routing table. Uthenga ukafika, rauta imaona adiresi ya kumene ukupita n'kusankha mzere woyenerana nayo kwambiri. Ikapanda kuupeza, imauponya pa njira ya 0.0.0.0, yomwe tanthauzo lake ndi lakuti "zonse zimene sindikuzidziwa zipite uku". Zili ngati mlendo wosadziwa takisi yoti akwere pa Primrose pano. Timangomuuza kuti pitani ku renki ya ku Germiston, akakulozerani kumeneko.

Nali vuto lake. Rauta yathu yachiwiri sibisa maadiresi a makompyuta ake, chifukwa tinazimitsa NAT kuti tizitha kuwafikira tili ku ofesi. Uthenga wochoka m'chipindamo umapita bwinobwino, koma yankho likafika pa rauta yoyamba, iyo siidziwa kuti 192.168.2 ndi kuti. Imangolibwezera kunja, n'kusochera. Choncho timailembera tokha njira yosasintha, static route. Pamafunika zinthu zitatu: kopita, 192.168.2.0, subnet mask, 255.255.255.0; ndi gateway, kutanthauza woti apatsiridwe uthengawo, yemwe ndi rauta yachiwiri pa 192.168.1.2.

Zonsezi ndinazilemba molondola, ndipo zinayenda kwa miyezi. Chimene ndinaiwala n'chakuti rauta yachiwiri inkangopatsidwa adiresi yake ndi DHCP, ndipo DHCP imabwereketsa adiresi, siyipereka mpaka kalekale. Tsiku lina magetsi atazima n'kuyakanso, foni ya munthu wina inatenga 192.168.1.2, rauta n'kupatsidwa ina. Njira yosasintha ilibe nzeru zofunsa. Inapitiriza kutumiza mayankho onse kwa foni ija. Ndinataya masiku awiri ndikusintha mawaya amene analibe mlandu.

Tsopano rauta yachiwiri ndinaikhomera adiresi yake pamanja, ndipo DHCP ndinaiuza kuti izigawa kuyambira 192.168.1.100 kupita m'tsogolo.

Zikadzavutanso ine kulibe, musathamangire kabatani ka reset, kamafufuta zonse. Pa kompyuta ya Windows tsegulani cmd, mulembe ping 192.168.2.1. Ikayankha, yesani ping 192.168.1.1. Yachiwiriyi ikakhala chete pamene mawaya ali m'malo, kaikirani njira yobwerera. Lamulo la route print limaonetsa kaundula wa kompyutayo, pamene tracert 8.8.8.8 imakusonyezani pamene uthenga ukuthera. Manambala onse ndawalemba m'kabuku kofiira kali mu kabati, ndipo Loweruka m'mawa tidzayeserera limodzi.