Rauta Yachiwiri: Kufikitsa Wi-Fi Kuchipinda Chakumbuyo

Nyumba zambiri za ku Bwacha, ku Kabwe, sizilinso mmene anazimangira. Mwini wake anawonjezera chipinda cha ana, kenako khitchini ya mabuloko, kenakonso kanyumba ka lendi kuseri, momwe mwina lero mukugona wophunzira wa pa Kwame Nkrumah University kapena wa pa Mulungushi. Nyumba yakula, koma rauta idakali imodzi, pabalaza, kuseri kwa wailesi yakanema. Pabalazapo intaneti imathamanga. Kuchipinda chakumbuyo uthenga wa pa WhatsApp umangozungulira osapita, ndipo wophunzira uja amachezera pakhonde, udzudzu ukumudya, kuti atumize ntchito ya kusukulu.

Mankhwala ake nthawi zambiri ndi rauta yachiwiri ndi chingwe chimodzi. Koma musathamangire kusitolo.

Vuto lili panja kapena m'nyumba?

Intaneti imayenda maulendo awiri isanafike pa foni yanu. Woyamba ndi wochokera ku mlongoti wa MTN, Airtel kapena Zamtel kufika pa rauta. Wachiwiri ndi wochokera pa rauta kufika m'manja mwanu, ndipo umenewu ndiye Wi-Fi. Rauta yachiwiri imathandiza pa ulendo wachiwiriwu basi. Ili ngati mpopi wowonjezera kuseri kwa nyumba: imakufupikitsirani mtunda, koma ngati madzi akubwera modontha kuchokera kumsewu, mpopi watsopanowo udonthanso.

Yesani motere. Imani pafupi ndi rauta, tsegulani kanema pa YouTube kapena yezani liwiro pa fast.com. Pitani kuchipinda chovutacho, mubwereze. Chitani masana, muchitenso usiku anthu ambiri ali pa mafoni. Ngati pabalaza zikuyenda bwino koma kumbuyo ayi, kapepala kano n'kanu. Ngati ndi pabalaza pomwe zikukwawa, sungani ndalama zanu. Sunthirani rautayo pawindo loyang'ana kumene kuli mlongoti, yesani simu ya kampani ina ngati rautayo imalola, kapena funsani za mlongoti waung'ono wapadenga.

Timizere ta Wi-Fi ta pa foni timanama nthawi zina. Amene akufuna nambala yeniyeni aike pulogalamu yoyezera Wi-Fi, monga WiFi Analyzer ya pa mafoni a Android. Ikawerenga -50, muli pabwino. Pa -67 mutha kuyimba foni ya kanema. Ikafika -80, ndiye kuzungulira kuja.

Chimene chikudya mphamvu

Makoma. Khoma lililonse la mabuloko kapena njerwa limadulako gawo lake, ndipo chipinda chowonjezera chimakhala kuseri kwa khoma lomwe kale linali lakunja, lochindikala kuposa ena onse. Chitsulo ndiye choipitsitsa: malata, chitseko chachitsulo, firiji, ngakhale galasi lalikulu la pa wadiropu. Madzi nawo amameza Wi-Fi, choncho mgolo wosungira madzi uli m'khonde lapakati si bwenzi lanu.

Musanagule kanthu, ichotseni rauta kuseri kwa wailesi yakanema. Ikwezeni pamwamba pa kabati kapena muikhomere kukhoma, poyera, chapakati pa nyumba, nyanga zake zitaimirira. Nyumba ya zipinda zitatu nthawi zambiri imachira ndi zimenezi zokha. Ena amaibisa m'kabati poopa fumbi ndi ana, ena amaifunditsa kansalu kokongoletsa. Kansaluko sikatchinga Wi-Fi kwenikweni, koma kamatenthetsa rauta, ndipo m'mwezi wa Okutobala ku Kabwe kuno imatha kumangodzizimitsa yokha.

Rauta yake iti?

Siyofunika simu. Yoyamba ija ndiyo imakoka intaneti, yachiwiri ntchito yake n'kugawa basi. Ma rauta wamba a TP-Link kapena Tenda, a nyanga ziwiri kapena zitatu, amakwanira. Yakale yomwe yangokhala m'katoni imagwiranso, bola ikhale ndi mabowo a chingwe kumbuyo ndiponso adaputa yakeyake.

Chachikulu choti muone chili pa rauta yoyamba. Itembenuzeni. Kodi ili ndi bowo lolembedwa LAN? Ma rauta a 4G a Huawei ndi ZTE okhala patebulo amakhala nalo, ena limodzi, ena anayi. Ka MiFi ka m'thumba nthawi zambiri kalibe. Amene ali ndi Starlink, yomwe inayamba kugwira ntchito m'Zambia mu Okutobala 2023, aonenso bwino, chifukwa ma rauta ake ena alibe bowolo ndipo amafuna adaputa yogula padera.

Pa bokosi mudzaona 2.4 GHz kapena 5 GHz. Ya 5 GHz imathamanga kwambiri koma imagonja msanga pa makoma. Ya 2.4 GHz ndi yapang'onopang'ono koma imabowola n'kufika patali. Kwa chipinda chimodzi kapena ziwiri zakumbuyo, pa intaneti ya 4G, ya 2.4 GHz yokha ikukwanirani. Ngati mwapanikizana ndi anansi ambiri omwe ali ndi Wi-Fi, yokhala ndi zonse ziwiri ndiyo yabwino.

Chingwe

Apa ndi pamene anthu ambiri amachita ulesi, n'kudzadandaula pambuyo pake. Gulani chingwe cha netiweki, Cat5e kapena Cat6. Chimanyamula intaneti mpaka mamita 100 osafooka, ndipo ndi mapuloti ochepa a ku Bwacha omwe angachimalize. Yezani njira yake ndi chingwe cha sisalo, mokhotakhota momwe chidzadutse, muwonjezere mamita atatu. Wogulitsayo akumangireni mitu yake konsekonse, ndipo achiyese inu mukuona.

Pali chingwe chotchipa chomwe timawaya take n'ta aluminiyamu, tongopakidwa kopa pamwamba. Palani kawaya kamodzi ndi mpeni. Kakayera mkati, dziwani kuti kadzathyoka mukachikhotetsa kawiri katatu. M'tauni yomwe ili pamsewu wopita ku Copperbelt, kugula kopa wabodza n'zochititsa manyazi ndithu.

M'nyumba chiyendetseni m'mphepete mwa khoma ndi timisomali ta pulasitiki, motalikirana ndi mawaya a magetsi. Musachipanikize ndi chitseko. Chikamatuluka panja kupita ku kanyumba ka kuseri, chilowetseni m'paipi ya pulasitiki n'kukwirira, chifukwa dzuwa limaumitsa khungu lake mpaka kung'aluka, ndipo makoswe amalikonda. Ngati denga lanu n'la asibesitosi, musalibowole. Fumbi lake limawononga mapapo. Dutsani pa felemu ya windo kapena pa kabowo ka mpweya.

Kuiuza ntchito yake

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito iyi ndi ya mphindi 20, ndipo foni yokha ikwanira.

Yatsani rauta yachiwiri musanailumikize ku yoyamba. Ngati ndi yakale, tengani kamtengo ka machesi, dinikizani kabatani ka Reset masekondi 10 mpaka magetsi ake aphethire, kuti iiwale zonse za mwini wake wakale. Kunsi kwake kuli kapepala kolembedwa dzina la Wi-Fi, mawu achinsinsi ndi adiresi, monga 192.168.0.1 kapena tplinkwifi.net. Lumikizani foni ku Wi-Fi imeneyo, zimitsani data ya pa simu, lembani adiresiyo pa Chrome, mulowe.

Funani polembedwa Operation Mode kapena Working Mode. Mukapeza Access Point, sankhani pamenepo, sungani, ndipo ntchito yaikulu yatha. Rautayo idzazima n'kuyakanso, inu mulowetse chingwe chochokera pabalaza.

Ma rauta akale alibe zimenezi, ndiye muchita pamanja zinthu ziwiri, motsatana chonchi. Choyamba, sinthani adiresi yake pa LAN kuti ikhale ya banja limodzi ndi yoyamba koma yosiyana nambala yomaliza. Ma rauta ambiri a 4G a Huawei amakhala pa 192.168.8.1, choncho yachiwiri ipatseni 192.168.8.2. Ikayakanso, lowani ndi adiresi yatsopanoyo. Chachiwiri, zimitsani DHCP. Imeneyi ndi ntchito yogawira foni iliyonse nambala yake, ndipo pamudzi sipakhala mafumu awiri ogawa malo. Onse akamagawa, foni imasonyeza kuti yalumikizika koma intaneti osabwera. Mukatha, lowetsani chingwe m'bowo la LAN, osati la WAN lomwe limakhala la mtundu wina. Anthu ambiri amalakwa pomwepa.

Lembani adiresi yatsopanoyo ndi mawu olowera pa kapepala, mumate kunsi kwa rauta. Pakatha chaka mudzakhala mutaiwala.

Katsala kanjira, kolembedwa Channel. Pa 2.4 GHz njira zomwe sizipondana ndi zitatu zokha: 1, 6 ndi 11. Yoyamba ikakhala pa 1, yachiwiri iikeni pa 6 kapena 11. Pulogalamu yoyezera ija ikuonetsani pomwe anansi adzazana kuti mupazembe.

Dzina la Wi-Fi likhale lomwelo kapena lina? Ngati nyumba yonse ndi banja limodzi, ikani dzina ndi mawu achinsinsi ofanana ndendende, kuti foni izisamuka yokha. Mafoni ena ndi ouma mutu, amakakamira rauta yakutali ngakhale muli pafupi ndi inzake. Mukaona choncho, zimitsani Wi-Fi ya pa foni n'kuyatsanso. Ine ndimakonda mayina awiri, monga Pabalaza ndi Kumbuyo, chifukwa zinthu zikavuta umadziwa pomwepo yomwe yalakwa.

Ngati chingwe sichitheka

Mwini nyumba akakana kubowola, kapena ngati muli ndi ka MiFi, sankhani Repeater kapena Range Extender. Rauta yachiwiri imamvera yoyamba kudzera mumpweya n'kubwereza. Popeza imamva ndi kulankhula pa kanjira kamodzi, liwiro limatsika pafupifupi ndi theka. Ndipo musaiike m'chipinda chovutacho, chifukwa kumeneko nayonso siimva kanthu. Malo ake ndi pakati, pomwe foni ikadali ndi timizere titatu. Pa WhatsApp ndi Facebook imathandiza. Pa kalasi ya pa Zoom mudzalakalaka chingwe.

Bandulo ndi a lendi

Wi-Fi ikafika paliponse, bandulo imatha msanga. Rauta sinabe, koma amene kale ankalephera kuonera kanema tsopano akuonera. Mugwirizane za ndalama chingwe chisanakwiriridwe.

Kwa a lendi pali njira ina yolumikizira. Musazimitse DHCP, ndipo chingwe chilowe m'bowo la WAN. Adiresi ikhale ya banja lina: yoyamba ikakhala 192.168.0.1, iyi ikhale 192.168.2.1. Mukatero mutha kugwiritsa ntchito Bandwidth Control, yomwe ma rauta ambiri a TP-Link ndi Tenda ali nayo, n'kuika malire a liwiro kuti wa kuseri asamalize zonse nkhani za madzulo zisanayambe.

Chitetezo sankhani WPA2, kapena WPA3 ngati ilipo ndipo mafoni anu akuilola. Mawu achinsinsi asakhale nambala ya foni, dzina la mwana kapena Kabwe Warriors. Zimitsani WPS. Sinthaninso mawu olowera mu rauta momwemo, chifukwa admin ndi admin amazidziwa mwana aliyense wa sekondale.

Magetsi ndi mphenzi

M'chaka cha 2024, madzi atatsika ku Kariba, panali masiku omwe magetsi ankazima maola oposa 20. Ambiri anagula ka UPS kakang'ono ka rauta, kabatire kosunga magetsi, nthawi imeneyo. Kumbukirani kuti tsopano ma rauta ndi awiri, ndipo iliyonse ikufuna kake. Mwayi wake, yaing'ono ngati iyi siifika ndi mawati 10 omwe.

Werengani mavoti pa adaputa musanasinthanitse. Ma rauta a 4G a Huawei ambiri amadya 12V, pamene ang'onoang'ono a TP-Link ndi Tenda ambiri amadya 9V. Mitu yake imatha kulowana, koma mukapatsa 12V rauta ya 9V mutha kungomva fungo la kupsa.

Kuyambira Novembala mpaka Epulo, chingwe chodutsa panja chimatha kulowetsa mphamvu ya mphenzi m'nyumba zonse ziwiri, ngakhale mphenziyo yagwa patali. Musachimangirire m'mwamba, ku mtengo wa mango kapena ku mlongoti wa wailesi yakanema. Kukayamba kugunda, zulani chingwecho konsekonse pamodzi ndi ma adaputa, ndipo wa kuseri mumuonetseretu pozula, chifukwa mvula ya masana imagwa inu muli kuntchito.