Phunziro la Sabata Ino: Madzi a ku Mgodi Angayere N'kugwiranso Ntchito?



Ine kwathu ndi ku Tsangano, m'boma la Ntcheu, kumalire ndi Mozambique. Ngati munagulapo mbatata ya kachewere kapena kabichi pa Tsangano Turn-off, ndiye kuti munadyapo thukuta la kwathu. Zambiri mwa mbewu zimenezi m'chilimwe zimakula ndi madzi a m'timitsinje totsika m'mapiri a Kirk Range.

Chilimwe chathachi ndinapita kukathandiza amayi kuthirira kudimba. Tinapeza madzi a mumtsinje ali psuu ngati m'dzinja, chonsecho mvula inali itasiya kalekale. Amayi anathira kheni imodzi pa nazale, madzi atauma panatsala chikhungu cha matope pamwamba pa mbande. Anangoti, "Mwanawe, takwera kumtundaku ukaone amene akutivundulira madziyu." Nditakwera ndinapeza anyamata anayi akutsuka dothi mumtsinje momwemo, kufunafuna miyala yogulitsa. Sanali anthu oipa ayi, ankasaka ndalama ngati tonsefe. Koma matope awo onse ankatsikira kwa ife.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufufuza za madzi a ku migodi. Nazi zomwe ndikufuna tigawane.

1. Mgodi ndi madzi sizisiyana

M'boma lathu lomweli muli phiri la Chimwadzulu, komwe kunapezeka miyala ya ruby ndi sapphire mu 1958. Miyala yotereyi imakhala yosakanikirana ndi dothi, ndipo kuti ioneke dothilo limayenera kutsukidwa. Golide wa m'chigwa cha Lisungwe nayenso amapezeka potsuka mchenga. Migodi yakuya ili ndi vuto lina: madzi a pansi pa nthaka amalowa m'maenje, ndiye amayenera kupopedwa usana ndi usiku. Funso n'lakuti, madzi onsewa akatuluka amapita kuti?

2. Kuda kwa madzi kuli mitundu itatu

Koyamba ndi matope. Awa amaoneka ndi maso. Amakwirira ngalande zothirira, amatseka dothi kuti lisapume, amapha nsomba ndi nkhanu.

Kachiwiri ndi asidi. M'migodi ya malasha, kopa ndi golide mumapezeka mwala wonyezimira wotchedwa pyrite. Ukafukulidwa n'kukumana ndi mpweya ndi madzi, umatulutsa asidi. Mtsinje wolandira madzi otere umasiya utoto wachikasu kapena wadzimbiri pamiyala.

Kachitatu ndi zitsulo zosungunuka m'madzi, monga mtovu, kopa, arsenic, ngakhalenso mercury yomwe ena amagwiritsa ntchito pokola golide. Izi ndiye zoopsa zedi, chifukwa madzi atha kukhala mbee koma zili momwemo.

Apa ndiime pang'ono. Mng'ono wanga anandifunsa kuti, "Achimwene, madzi akadikha n'kuyera, si ndiye kuti ali bwino? Ku madrasa tinaphunzira kuti timayang'ana mtundu, fungo ndi kakomedwe." Zoonadi, zizindikiro zitatuzi ndi zimene timayang'ana pofuna kudziwa ngati madzi asinthidwa ndi najisi. Koma funso la wudhu ndi lina, funso lakumwa ndi linanso. Mtovu ulibe fungo. Ndipo kuwiritsa kapena kuthira klorini kumapha tizilombo basi, sikuchotsa zitsulo. Mukawiritsa kwambiri madzi amachepa, zitsulo n'kutsalira zonse mumphika.

3. Nanga amayeretsa bwanji?

Njira yoyamba ndi maiwe odikhitsira matope. Madzi otsukira dothi amalowa m'dziwe loyamba, mchenga n'kukhala pansi. Amasefukira m'dziwe lachiwiri, matope osalala n'kudikha. Ofika m'dziwe lomaliza amabwezedwa kukatsukiranso dothi lina. Apa mwapindula kawiri: mtsinje sunadetsedwe, komanso simunatungemo madzi ambiri.

Yachiwiri ndi laimu. Laimu amathetsa ukali wa asidi, ndipo asidi akatha zitsulo zambiri zimaundana n'kugwa pansi ngati phala. Phala limeneli liyenera kusungidwa pamalo osadontha, apo ayi vuto mwangolisamutsa. Ukali wa madzi amauyeza ndi muyezo wa pH: 7 ndi pakatikati, ndipo madzi akumwa amayenera kukhala pakati pa 6.5 ndi 8.5.

Yachitatu ndi dambo lochita kupanga. Madzi amadutsa pang'onopang'ono m'bango ndi zomera zina za m'madzi, ndipo mizu, matope ndi tizilombo ta m'dothi zimakola zina mwa zitsulozo. N'njira yotchipa, koma imafuna malo aakulu ndi nthawi.

Yachinayi ndi makina a reverse osmosis, omwe amakankha madzi mwamphamvu kudutsa m'sefa yosalala kwambiri yomwe imatsekereza ngakhale mchere. Ndi yodula, koma imatulutsa madzi akumwa.

4. Zinachitikapo kuti?

Abale athu a ku Joni akudziwa mzinda wa eMalahleni, womwe kale unkatchedwa Witbank. Kuyambira 2007 kumeneko kuli malo oyeretsera madzi a m'migodi ya malasha, omwe amatulutsa malita oposa 20 miliyoni patsiku. Gawo lalikulu limapita m'mipope ya mzindawo, anthu n'kumamwa. Zotsalira zake, zotchedwa gypsum, anazigwiritsapo ntchito pomanga nyumba.

Kuno kwathu, mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu 2009 ndipo unaima mu 2014. Mgodi utaima mvula sinaime, madzi ankadzadzabe m'maiwe. Mu 2015 anayamba kuwayeretsa n'kuwatayira mumtsinje wa Sere, womwe umathira mu North Rukuru mpaka m'nyanja ya Malawi. Nkhaniyi inautsa mtsutso waukulu, ndipo anthu ndi mabungwe ankafuna umboni woti madziwo ndi abwinodi. Phunziro lake: mgodi umatha, madzi ake satha.

Zikalephereka zimakhala bwanji? Pa 18 February 2025, damu losungira zinyalala za mgodi wa kopa linagumuka ku Chambishi m'dziko la Zambia. Madzi a asidi anathira mumtsinje wa Kafue, nsomba zinafa, minda inapsa, mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi a m'mipope. Zinafika poti ndege zinkamwaza laimu mumtsinje.

5. Ife tingatani?

Tidziwe kuti malamulo alipo. Lamulo la madzi la 2013 limafuna kuti wotayira madzi oipa mumtsinje akhale ndi chilolezo chochokera ku National Water Resources Authority, ndipo bungwe la MEPA limaunika mmene ntchito zikuluzikulu zingakhudzire chilengedwe. Kukabwera kampani kwanu, pamsonkhano musangofunsa za ntchito ndi sukulu. Funsaninso: Madzi mudzatunga kuti? Otsukira adzapita kuti? Adzayeze ndani, kangati, ndipo zotsatira tidzaziona? Mukadzachoka, maiwe adzasamala ndani?

Za anyamata aja, tinakakhala nawo pansi pamaso pa amfumu. Tinagwirizana kuti asiye kutsukira mumtsinje. Tinakumba nawo maenje awiri chapatali ndi gombe, lina kumtunda lina kumunsi, n'kulumikiza ndi kangalande. Poyamba anadandaula kuti kutunga ndi ndowa n'kotopetsa, koma ataona kuti madzi a m'dzenje lachiwiri akutsukiranso, anasiya kung'ung'udza. Patatha masiku ochepa mtsinje unayera. Nazale yoyamba ija inali itapita kale, amayi anafesanso ina.

Ndinene mosabisa: maenje athuwo anathetsa matope okha. Kumene kuli asidi kapena mercury, khasu silingathandize, pamafunika akatswiri ndi kuyeza madzi ku labotale.

Ambiri mwa inu muli ku sekondale, ena ku MUBAS ndi MUST. Migodi ikuchuluka m'dziko muno, ndipo idzafuna anthu odziwa kuyeza ndi kuyeretsa madzi. Bwanji ena mwa iwo osakhala ife?

Sabata ino dzifunseni: mtsinje umene kwanu mumatungako, kumtunda kwake kukuchitika chiyani? Ngati simukudziwa, kwerani mukaone.

Wassalaam alaikum.