Mwana wa mayi a ku Indiana atenge kosi iti ya organic chemistry?

Kalata ya lero yachokera ku Indiana m'dziko la America. Mayi amene atilembera akuti mwana wawo wamkazi akufuna kudzakhala dokotala wa ziweto, koma kukoleji kwake kuli makosi awiri a organic chemistry: yachidule ya semesita imodzi, ndi ina ya masemesita awiri yokhala ndi labu. Funso lawo ndi loti atenge iti.

Zikomo kwambiri mayi a ku Indiana. Kumeneko sukulu ya madokotala a ziweto imatenga zaka 4, ndipo imalandira okhawo amene anakhoza kale maphunziro ena a kukoleji. Vuto ndi loti sukulu iliyonse ili ndi mndandanda wake. Zina zimakhutira ndi semesita imodzi, zina zimafuna awiri pamodzi ndi labu. Choncho mtsikanayu ayambe walemba sukulu zimene akuzifuna, kuphatikizapo ya Purdue yomwe ili m'dera lanu lomwelo, kenako atsate yomwe ikufuna zambiri.

Kosi ya masemesita awiri ndiyo imatsegula makomo ambiri. Phunziro la organic chemistry limafotokoza za zinthu zokhala ndi kaboni, zomwe zimapanga thupi la nyama ndi mankhwala ambiri, ndipo makoleji ambiri salola wophunzira kuyamba biochemistry asanalikhoze. Sukulu zambiri zimafunanso giredi ya C kupita m'mwamba.

Kwa omvera nonse amene ana anu ali panjira imeneyi: mafomu olembetsera sukulu zambiri za madokotala a ziweto ku America amadutsa ku VMCAS, malo olandira mafomuwa, ndipo amatsekedwa mu Seputembala. Mwana asanalipire kosi ya pa intaneti, alembere kaye ofesi yolandira ophunzira pasukulu imene akuifuna, afunse ngati amaivomereza.